Timizere Tofiira pa Wailesi ya Ada Amon Nkhwazi

Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi a Umanyano, abambo a Madodana, mafumu athu, abale ndi anansi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pa tsiku lowawali: banja lapempha kuti mbiri iyi iwerengedwe m'Chichewa, poganizira apongozi ochokera ku Dedza ndi anzawo a ana ochokera ku Lilongwe, kuti pasapezeke wobwerera kwawo asanamve kuti amene tikumuika leroyu anali munthu wotani.

Amene agona pamaso pathuwa ndi Bambo Amon Weston Nkhwazi, amene ambiri tinkangowatchula kuti Ada Nkhwazi a mawailesi. Anabadwa pa 14 Juni 1948 konkuno ku Nkhata Bay, kumtunda kwa Chikale. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu ndi awiri a malemu Bambo Weston Nkhwazi ndi malemu Mayi Jessie Nyachirwa. Anabatizidwa ali wakhanda, ndipo anakulira m'nyumba imene tsiku linkayamba ndi pemphero.

Bambo awo anagwira ntchito zaka zambiri ku Halale, monga ankachitira amuna ambiri a kuno masiku amenewo. Pobwerera anabwera ndi njinga, jekete lakuda ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja. Galamafoniyo inalibe batani lililonse lochepetsera mawu. Ikayamba kuboola m'makutu, bambo awo ankatenga sokosi n'kuitsekera kukamwa kwake, ndipo nyimbo yomweyo inkasanduka yofewa. Malemu ankakonda kunena kuti sukulu yawo yeniyeni inayambira pa sokosi imeneyo, chifukwa m'pamene anazindikira kuti nyimbo ikhoza kukhala imodzi, koma kamvekedwe kake n'kukonzedwa kuti kagwirizane ndi nyumba ndi anthu okhalamo.

Sukulu anayambira pa mishoni konkuno, ndipo anakamaliza Sitandade 8 ku Bandawe m'chaka cha 1964. Anali wakhama pa masamu ndi pa kuimba. Mwayi wopitiriza maphunziro sunapezeke, motero anathandiza makolo awo ntchito za pakhomo kufikira 1967, pamene asibweni awo, mlongo wa mayi awo, anawaitanitsa ku Kitwe m'dziko la Zambia. Kumeneko analowa ntchito pa shopu yokonza mawailesi. Anayamba ndi tsache. Kenaka anawalola kugwira chowotcherera mawaya, ndipo pomatha zaka zisanu ndi zinayi mwini shopuyo ankawasiyira makiyi.

M'chaka cha 1976 anabwerera kwawo, natsegula kashopu kawo pafupi ndi msika wa Nkhata Bay. Amene muli ndi zaka mukukakumbuka: benchi limodzi, mbaula yotenthetsera chowotcherera magetsi akazima, ndi mawailesi ounjikana mpaka kudenga. Tsiku lofika sitima pakhomopo pankadzaza anthu a ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Usisya, aliyense atanyamula wailesi yake yokulunga m'chitenje ngati mwana wodwala.

Pa 20 Ogasiti 1977 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Dorothy Manda a ku Mwaya, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa pulayimale. Anadziwana mu kwaya. Iwo ankaimba besi kumbuyo, Mayi Dorothy ankatsogolera mawu a m'mwamba kutsogolo. Kuyambira tsiku la ukwati mpaka tsiku lawo lomaliza sanawatchulepo dzina lina koma Nyamanda. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu.

Za ntchito yawo tinene pang'ono, chifukwa m'menemo ndi mmene munali mtima wawo. Munthu akabwera kudzadandaula kuti wailesi yake siikumveka bwino, kawirikawiri ankakhala atapotokola kale batani la voliyumu mpaka kumapeto. Malemu ankaseka n'kumuuza kuti, “Ada, ndiwo zikachepa mchere simuonjezera moto.” Akatero ankamuonetsa mabatani awiri ali pambali, amene anthu ambiri ankaopa kuwakhudza. Loyamba ndi la besi, lolamulira mawu olemera, aja umawamva m'chifuwa ngati ng'oma. Lachiwiri ndi la tirebulo, lolamulira mawu opyapyala a m'mwamba, aja amachititsa kuti zonena za munthu zimveke mbee, liwu lililonse palokha. Ankati voliyumu ndi mphamvu chabe, koma nzeru za wailesi zili m'mabatani awiriwa.

Anali ndi chizolowezi chimene okonza mawailesi anzawo ankachiseka. Wailesi yaikulu ya m'nyumba akaikonza sankaipereka pashopu. Ankatseka chitseko, n'kuperekeza mwini wake mpaka kwawo, ngakhale kukhale kukwera zitunda za kunozi dzuwa lili pamutu. Akafika ankayang'ana denga, n'kuyang'ana pansi, n'kufunsa kuti wamkulu kwambiri m'nyumbamo ndani. Ankafotokoza kuti nyumba ya malata ndi simenti imabweza mawu, ndiye besi ikachuluka zonse zimangomveka ngati mkokomo wa m'mgolo. Nyumba yaudzu yoyala mphasa imameza mawu a m'mwamba, ndiye imafuna tirebulo yochulukirapo. Mvula yathu ino ikamagunda pamalata, ankati musalimbane nayo ndi voliyumu, tsitsani besi kuti mawu a wolengeza adutse. Kaseti yakale ikamalira ngati usipa pamafuta, tirebulo ibwerere pang'ono. Ndipo sankachoka asanamukhazike wamkulu wa m'nyumbamo pampando wake wa masiku onse, n'kumapotokola pang'onopang'ono kufikira munthuyo atagwedeza mutu.

Ndi anyamata ogulitsa makaseti pamsika ankakangana mwachikondi tsiku ndi tsiku. Iwo ankafuna besi yogwedeza mabotolo a pagolosale yoyandikana nayo. Malemu ankaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, “Kodi woimbayo anakulakwirani chiyani kuti mumutsekere m'dzenje chonchi?” Anyamatawo ankawayankha kuti, “Ada, inu ndi a nyimbo za m'tchalitchi, izi ndi za achinyamata.” Koma sipika ikang'ambika ankabwera nayo kwa iwo omwewo, maso ali pansi. Ena mwa anyamata amenewo lero ndi abambo a imvi, ndipo ndi amene akumba nawo manda m'mawa uno.

Mu mpingo anatumikira mokhulupirika. Analowa kwaya ali mnyamata ndipo anaimba besi zaka zoposa makumi anayi. Anali wa Madodana, ndipo m'chaka cha 1989 anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Chimkuzamawu cha tchalitchi chinali m'manja mwawo, ndipo pamaliro ambiri a m'tauni muno ndi iwo ankafika oyamba kudzamangirira sipika pamtengo. Akapatsidwa mpata wolalikira ankabwerera kawirikawiri ku nkhani ya mneneri uja anabisala m'phanga, amene anadikira Mulungu m'mphepo yamkuntho, m'chivomezi ndi m'moto, koma anadzamupeza m'kamawu kofatsa. Ankati, “Chiuta sakuwa. Ndife amene sititchera khutu.”

Tsopano tifike pa nkhani imene malemu anapempha okha, akadali ndi mphamvu, kuti isadzadumphidwe pa tsiku ngati lino. Mayi Dorothy nawonso avomera kuti inenedwe.

Mayi Dorothy anapuma pa ntchito ya uphunzitsi mu 2008. Chaka chotsatira anthu anayamba kuona kusintha. Amayi anzawo akawapatsa moni pamsika, ankangodutsa. Mu kwaya, iwo amene ankatsogolera ena, anayamba kulowa mochedwa. Adzukulu ankadandaula kuti agogo sawayankha. Zinangochitika kuti nthawi yomweyo mwana wawo wachiwiri, Lusayo, anali atapeza ntchito yabwino ku Joni ndipo anali atawakonzera makolo ake nyumba. Ndiye monga tidziwira malilime athu, nkhani inayenda kuyambira kumsika mpaka ku Chikale yakuti aNyamanda ayamba kunyada.

Amayi atatu a Umanyano anapita kunyumba kukacheza nawo mwachikhristu. Mmodzi wa iwo, malemu Mayi Uchizi Longwe, anafunsa mofatsa ngati mwina vuto silinali m'makutu. Anayankha ndi Ada Nkhwazi, molimba mtima, ngati munthu wodziwa za mawu kuposa wina aliyense m'tauni. Anati, “Makutu ali bwinobwino. Ine ndikalankhula chapansipansi kuchipinda, amandiyankha ali kukhitchini.” Sananame. Zinalidi choncho. Koma umboni woonawo ndi umene unawamanga akazi awo, pakuti ngati makutu ali bwino, ndiye kuti chatsala ndi mtima. Amayi aja anabwerera ali ndi yankho lawo. Mayi Dorothy, amene iwo eni sankadziwa chimene chikuwachitikira, anasiya kwaya, nayamba kukhala pabenchi lakumbuyo ndi kutuluka msanga mapemphero akatha. Anakhala choncho pafupifupi zaka ziwiri. Malemu ankavomereza kuti m'zaka zimenezo anawadzudzulapo akazi awo kangapo kuti asiye kuchititsa manyazi banja.

Lamulungu lina masana, mu Meyi 2011, awiriwa anakhala pabalaza kumvetsera mapemphero a pawailesi. Wailesiyo ndi ampulifaya yakale ya nkhope yasiliva imene malemu anabwera nayo kuchokera ku Kitwe, yolumikiza ku masipika awiri a matabwa. Amene ankawerenga Mawu tsiku limenelo anali mayi. Mayi Dorothy anafunsa chifukwa chimene wailesiyo inkangong'ung'udza. Malemu anatambasula dzanja n'kukweza voliyumu, chinthu chomwe anakhala akuletsa anthu ena moyo wawo wonse. Mayi Dorothy anatseka makutu ndi manja n'kunena kuti, “Phokoso ndikulimva, Ada. Mawu ndiye mulibe.”

Malemu ankati mawu amenewo anawalasa ngati mkondo, chifukwa anali atawamvapo kambirimbiri pashopu, kuchokera kwa nkhalamba za ku Usisya ndi ku Likoma, ndipo nthawi zonse ankadziwa chochita. Anagwada patsogolo pa ampulifaya ija. Anabweza voliyumu. Anatsitsa besi. Kenaka anagwira batani la tirebulo n'kuyamba kulipotokolera kumanja pang'onopang'ono, maso ali pa nkhope ya akazi awo. Litadutsa pakati pang'ono, anaona milomo ya Mayi Dorothy ikuyamba kuyenda. Ankatsatira vesi limene mayi wa pawailesi uja ankawerenga, liwu ndi liwu. Malemu anakhala chigwadire pomwepo, misozi ikugwera pasimenti, mpaka mapemphero anatha.

Atapita ku chipatala ku Mzuzu, madokotala anatsimikiza zimene batani lija linali litanena kale. Makutu a Mayi Dorothy anali atayamba kutaya mawu opyapyala: mawu a amayi, a ana, a mbalame. Mawu olemera, ngati a amuna awo oimba besi, ankalowabe. N'chifukwa chake ankamva munthu mmodzi yekha m'tauni yonse, ndipo munthu mmodziyo ndi amene anawaikira umboni wowatsutsa. Anapatsidwa kachipangizo kovala m'khutu, ndipo kanathandiza miyezi ingapo, koma pagulu kankalira mluzu, timabatire take sitinkapezeka kuno, ndipo pamapeto pake kanakagona m'kabati.

Sabata yomweyo malemu anavala jekete, napita ku msonkhano wa Umanyano, mwamuna yekha pakati pa amayi ovala zoyera. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, napempha mpata. Anati, “Amama, ndabwera kudzabweza umboni wanga. Wailesi ya mlendo ndimaiperekeza mpaka kwawo kuti ndikaimvetsere bwino ndisanaiweruze. Mkazi wanga ndinamuweruza ndili naye m'nyumba imodzi. Mlandu si wake, si wanunso. Ndi wanga.” Amayi amene analipo tsiku limenelo ena ali pano. Iwo ndi amene anganene mmene analirira, ndi mmene ananyamukira onse pamodzi kupita kunyumba kwa aNyamanda akuimba njira yonse.

Kuyambira pamenepo malemu anasanduka khutu la akazi awo. M'tchalitchi anasiya mpando wa akuluakulu kutsogolo, nakakhala kumapeto kwa benchi la abambo, pamene Mayi Dorothy ankakhala kumapeto kwa benchi la amayi, pakati pawo kanjira kokha. Nambala ya nyimbo ikalengezedwa, iwo ankaibwereza ndi mawu awo a besi. Kumsika ankapita limodzi, iwo atanyamula dengu. Amayi ogulitsa nsomba ankawaseka kuti, “Ada Nkhwazi, nsanje mwaiyamba ndi ukalamba uno?” Iwo ankayankha kuti, “Nsanje ndinaiyamba mu 1977, inu ndi amene mwachedwa kuiona.”

Kunyumba, ampulifaya ija inakhala ya Mayi Dorothy. Malemu anapempha penti wofiira pang'ono kwa mlamu wawo wopaka maboti ku Chikale, ndipo ndi kamtengo ka machesi anajambula kamzere pankhope ya ampulifayayo, pamene batani la tirebulo linayenera kuloza kuti akazi awo amve. Anachita izi kuti ana kapena alendo akalisuntha lizibwerera pamalo pake. Koma makutu sanaime pamodzi. Patapita chaka ndi miyezi, anaona kuti milomo ya Mayi Dorothy yasiyanso kutsatira. Anasuntha batani pang'ono, najambula kamzere kachiwiri. Zaka zina zinkadutsa popanda kamzere katsopano, ndipo ankathokoza Mulungu. Chaka china anajambula tiwiri. Sanawauzepo akazi awo tanthauzo la timizereto, poopa kuwadetsa nkhawa. Pokonza mbiri ino, ana anawafunsa mayi awo ngati ankadziwa. Anayankha kuti, “Ndinkapukuta fumbi pamenepo Loweruka lililonse. Ndine wogontha, si wakhungu. Ndinkangowasiya kuti aziganiza kuti andibisira.”

Pa Khirisimasi ya 2018 Lusayo anabwera kuchokera ku Joni ndi mphatso. Walola kuti izinso zinenedwe. Inali sipika yamakono, yaitali ndi yopyapyala, yokongola, yolumikiza ku foni popanda waya. Inalibe batani la besi kapena la tirebulo. Lusayo anafotokoza kuti akatswiri a masiku ano amati nyimbo iyenera kumveka monga anaijambulira eni ake, ndipo kupotokola mabatani n'kuiwononga. Anapempha kuti chakalecho chipume. Malemu anaimvetsera mwaulemu nyimbo yonse mpaka kutha, nayamikira kuti inkamvekadi bwino. Kenaka anati, “Mwana wanga, amene anajambula nyimboyi sanalowepo m'nyumba muno. Sadziwa kuti denga ndi la malata. Sadziwa kuti makutu a mayi ako ali ndi zaka zingati. Tawayang'ana.” Mayi Dorothy anali atakhala phee, akumwetulira mwaulemu ngati mlendo pa phwando la chinenero chimene sachidziwa. Mphatsoyo inapita kwa mlongo wake Wezi ku Lilongwe. Bambo ndi mwana sanakangane, koma nkhaniyo inatsala pakati pawo ngati kamwala m'nsapato, ndipo kwa zaka zingapo sanaitchulenso.

Malemu anatseka shopu mu 2020, maso atayamba kuvuta ndiponso mafoni atalanda malo a mawailesi. Anali akudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo, koma ankamwa mankhwala mokhulupirika ndipo ankayenda okha. Pa 18 Juni chaka chino cha 2025, patangopita masiku anayi atakwanitsa zaka 77, anagwa pakhonde m'mawa akuthirira maluwa. Anathamangira nawo ku chipatala cha boma, kumene anapezeka kuti achita sitiroko. Anagonekedwa milungu itatu. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino chifukwa cha chisamaliro chawo.

Anatuluka amoyo, koma dzanja lamanja linali litafa, ndipo mawu aja a besi anali atapita. Chinatsala ndi kamawu kofooka, kopyapyala, kotuluka movutikira. Ana ankakamva akayandikira. Mayi Dorothy sankakamva n'komwe. Ankaona milomo ya amuna awo ikuyenda, n'kuweramira pafupi, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku, koma osatola kanthu. Zaka pafupifupi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu za ukwati, ndipo kwa nthawi yoyamba sankatha kumvana. Amene munapita kukawazonda masiku amenewo munaona kuti chimene chinkawaliza malemu sichinali dzanja.

Lusayo atafika kuchokera ku Joni, bambo ake anamukodola ndi dzanja lamanzere, namulozera kabati. M'menemo munali maikolofoni yakale imene ankagwiritsa ntchito pamaliro a anthu. Anamulozeranso ampulifaya. Lusayo anamvetsa. Anailumikiza, naika sipika imodzi pafupi ndi mpando wa mayi ake, nagwirizira maikolofoni pakamwa pa bambo ake. Malemu analankhula, koma Mayi Dorothy anapukusa mutu. Lusayo anathamangira batani la voliyumu, sipika inalira mluzu, ndipo bambo ake anamumenya kadzanja ngati mwana wofuna kuba shuga. Kenaka anagwira zala za mwana wawoyo ndi dzanja lawo lamanzere, naziika pa batani la tirebulo. Apo m'pamene Lusayo anationa bwino timizere tofiira tija kwa nthawi yoyamba. Anatiwerenga. Tinali tisanu ndi tinayi, tikuyenda kumanja ngati mapazi a munthu wopita kutali. Akuti m'pamene anazindikira chimene mphatso yake ija inalibe.

Anapotokola limodzi, dzanja la bambo pamwamba pa dzanja la mwana, kudutsa kamzere komaliza pang'ono. Malemu anayesanso kulankhula. Onse m'nyumbamo ankayembekezera vesi kapena pemphero, pakuti anali mkulu wa mpingo. Chimene chinatuluka m'sipika chinali chakuti, “Nyamanda, tiyi uja mulibe shuga.” Mayi Dorothy anadzidzimuka, nayankha m'chinenero chathu kuti, “Ndavwa!” Kenaka anawonjezera kuti, “Ndamva, koma shugayo simumuona, adokotala analetsa.” Nyumba yonse inaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Kamzere kachikhumi anajambula ndi Lusayo, ndi penti yemweyo amene anali atatsala pansi pa kabotolo. Pakati pa kamzereko ndi mapeto a batani panatsala mpata wosakwana chala chimodzi. Malemu anamuchenjeza kuti asamafulumire kulikankhira kumapeto, asiyeko mpata wa zaka zikubwerazi. Lusayo anafunsa chimene adzachite likadzafika kumapeto. Anamuyankha kuti, “Pamenepo ntchito yathu idzakhala itatha. Adzakonza yekha Iye amene anapisa zala m'makutu a wogontha uja.”

Mulungu anawapatsa miyezi itatu ya kucheza kotere. M'mawa uliwonse mwana wawo wotsiriza, Martha, amene amakhala pakhomopo, ankawerenga salimo pa maikolofoni, ndipo malemu ankatseka ndi pemphero lalifupi. Anaphunzitsa Martha mabataniwo ndi dzanja lomwelo lamanzere. Lolemba pa 6 Okutobala masana anapempha nyimbo. Kuimba sakanatha, ndiye anangong'ung'udza mzere wa besi pa maikolofoni. Mayi Dorothy, amene anali asanaimbepo pamaso pa anthu chisiyireni kwaya, anautola mzerewo naikapo mawu awo a m'mwamba, ndipo anaimba mavesi onse. M'mawa mwake, Lachiwiri pa 7 Okutobala, matenda aja anabweranso. Anafika nawo kuchipatala, ndipo cha m'ma 10 koloko m'mawa anagona tulo ta oyera mtima, akazi awo atawagwira dzanja lamanzere.

Abale ndi alongo, nkhawa yaikulu ya malemu sinali imfa. Anali okonzeka kalekale. Nkhawa yawo inali yakuti iwo akadzapita, Nyamanda adzabwerera ku benchi lakumbuyo lija, pakati pa anthu koma ali yekha. Ndiye ena mwina mwadabwa kuona bokosi lakale lasiliva lili pamphasa pakati pa amayi, ndi sipika ya matabwa pafupi ndi phewa la Mayi Dorothy, pamene chimkuzamawu cha mpingo chilipo kale pamtengo apo. Cha pamtengocho ndi cha ife tonse. Cha pamphasacho ndi cha munthu mmodzi. Lusayo wachilumikiza m'mawa uno ndi manja ake, batani lili pa kamzere kachikhumi. Poyesa anati, “Ama, mukundimva?” Mayi ake anamuyankha kuti, “Ndavwa. Koma wayandikitsa kwambiri pakamwa, abambo ako akanakumenya kadzanja.” Motero mbiri yonseyi, kuyambira dzina mpaka pano, mwini wake wa maliro waimva.

Banja likupempha chinthu chimodzi. Mukamabwera kudzapepesa, lero ndi masiku akubwerawa, musawakuwire mayiwa. Kukuwa kumawapweteka ndipo sikuwathandiza. Khalani pafupi, ayang'aneni kumaso, tengani maikolofoni ili pambali pawoyo, mulankhule mofatsa. Amayi a Umanyano agwirizana kale kuti Lamulungu lililonse mmodzi wa iwo azikhala nawo pabenchi ndi kuwalozera nyimbo ndi vesi m'buku, ndipo a Madodana asankha Bambo Mayeso Mhone, amene ankaimba besi pambali pa malemu, kuti akhale pa malo aja a kumapeto kwa benchi.

Malemu Amon Weston Nkhwazi atsogola ali ndi zaka 77. Asiya akazi awo okondedwa, Mayi Dorothy Nyamanda, amene akutimva. Mwa ana asanu, mmodzi, Vitumbiko, anatsogola mu 1998. Asiya ana anayi: Wezi, Lusayo, Thumbiko ndi Martha. Asiya apongozi atatu, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mwa abale awo obadwa nawo atsala awiri, mchimwene wawo Bambo Wilson Nkhwazi a ku Chintheche ndi mlongo wawo Mayi Masuzgo Nyankhwazi a konkuno.

Ada Nkhwazi anatha moyo wawo akugwadira mabatani kuti ena amve. Lero apita kumene kulibe denga lobweza mawu, kulibe khutu lotopa, ndipo Mbusa akaitana nkhosa yake ndi dzina, imamva ulendo woyamba. Mzimu wawo Chiuta aulandire, ndipo apumule mu mtendere kufikira tsiku limene Nyamanda adzawamvanso popanda waya.